Thako la Ndowa

Utelala uli ndi vuto limodzi. Manja ndi miyendo zimatanganidwa, koma maso ndi pakamwa zimakhala pa ulova. Ine ndasoka zaka zambiri pakhonde la golosale ina ku Linthipe, nkhope kuloza kumsewu, ndipo palibe chinkadutsa pamenepo osachiona. Woledzera akagwa ndi njinga, ndinkaona. Kondakitala akakangana ndi mayi wa kabichi, ndinkamva zonse mpaka zotukwana zomwe. Munthu ankabwera ndi thalauza long'ambika, n'kuchoka ndi thalauza losokedwa komanso nkhani ziwiri zabasela.

Ndiye nditagula foni yojambula, zinakhala ngati mwathira parafini pamoto. Ndinatsegula tsamba langa pa masamba a mchezo, loti ndizilembapo zochitika pamsika pathu. Poyamba ankawerenga anthu a pompo. Kenako analowa ana a kwathu okhala ku Lilongwe, kenako a ku Joni amene kumudzi kunkawasowa. Ndinkalemba za matope, za chimbudzi cha pamsika chimene chinadzadza osachikumba china, za nyama ya mbuzi yogona masiku atatu. Ndinkadzitcha wonena zoona. Munthu akabwera kudzadandaula, funso langa linali limodzi lokha: kodi ndanama? Ndikatero, ndinkapitiriza kupalasa makina.

Mayina sinditchula m'nkhani ino, ndipo chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Amene sanagulepo kachewere pamsewu wathu ndimuuze mmene zimakhalira. Timagulitsa pa ndowa. Ndowa imadzazidwa mpaka kusongoka, wamkuluwamkulu pamwamba, wamng'ono pansi. Kumeneko si kuba, n'kukongoletsa chabe, poti ngakhale mkwatibwi amamudzoza mafuta. Kuba kwenikweni kunali kwina. Ena ankatenga mwala n'kukhomera thako la ndowa yachitsulo m'kati, mpaka likwere ngati kachulu. Ukayang'ana kunja, ndowa yathunthu. M'kati munkalowa theka ndi pang'ono.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mphepo ya ku Dedza ija yolowa mpaka m'mafupa ikuwomba, panaima galimoto. Munatuluka bambo wina wa jekete lachikopa n'kugula ndowa imodzi kwa mayi amene anayala tsidya la msewu. Pokhuthulira m'thumba, bambo uja anaona kuti thumba silikufika pomwe amayembekeza. Anatembenuza ndowa, naiyang'ana, n'kuikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira kuti msika wonse uone. Mayi uja anangoima chilili, chipewa chaubweya kumutu, dzanja pakamwa. Ine foni inali kale m'manja.

Pansi pa chithunzicho ndinalemba mawu ochepa: "Ndowa ya ku Linthipe: kunja ng'ombe, m'kati mbuzi."

Pofika m'mawa mwake, chithunzicho chinali chitayenda kuposa mmene ine ndayendera moyo wanga wonse. Anthu anaseka, analemba ndemanga, anatumizirana. Ndipo ndinene zoona, chinagwira ntchito. Sabata yonse kuseri kwa magolosale kunkamveka kukhoma, anthu akubwezera matako a ndowa zawo m'malo mwake. Ogula anayamba kutembenuza ndowa asanalipire. Ine ndinkayenda pamsika mapewa ali m'mwamba, ngati ndine ndinabweretsa magetsi.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse kachewere akayamba kutuluka, ndinkachiponyanso chithunzicho ndi mawu akuti, "Chikumbutso: tembenuzani ndowa." Chinasanduka ngati kalendala yanga. Za mayi uja sindinafunse. Ndinangomva patali kuti amayi anzake a pamsika anamukhazika pansi ndipo zinatha. Sindinamuonenso, komanso sindinazindikire n'komwe kuti sindikumuona. Mukanandiuza kuti ndijambule ndowa ija papepala, ndikanaijambula mpaka ndi dzimbiri lake. Nkhope ya mwini wake sindikanatha.

Patapita zaka zitatu, kunabwera mtsikana wina ndi nsalu yabuluu kuti ndimusokere diresi la kwaya. Ndinamuyeza kawiri ngakhale kamodzi kanakwana. Ndinamuuza kuti abwerenso adzayese, kenako abwerenso chifukwa zipi wasowa, kenako abwerenso chifukwa zipi wapezeka. Diresi limene likanatha masiku awiri linadya mwezi. Kwaya inaimba popanda iye, koma chinkhoswe chinachitika kwawo kwa Kaphuka, ndipo ine ndinakalowa chikamwini. M'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita kukhonde langa, madzulo n'kubwerera.

Kwawoko mwambo wa mkamwini ndi apongozi aakazi ukadali wamoyo ndithu. Simuyang'anana kumaso, simudyera pamodzi, simukhala mphasa imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira m'munda. Nthawi ya dzinja zimayenda bwino chifukwa chimanga chimakubisa. Koma m'chilimwe, minda ili mbee, umangoima pamzere utafulatira ngati ukuwerenga mapiri mpaka adutse. Moni ankadzera kwa mkazi wanga, kapena kudutsa mumpanda wa udzu umene unalekanitsa nyumba yathu ndi yawo. Pa chinkhoswe paja iwo anakhala pakati pa amayi, mpango utatsika mpaka pamphumi, ine ndikuphunzira nsapato zanga.

Choncho apongozi anga ndinkawadziwa zidutswazidutswa. Ndinkadziwa mapazi awo, chifukwa ndi okhawo amene ndinkaloledwa kuona. Ndinkadziwa katsokomolidwe kawo ka m'mawa. Ndinkadziwanso dzanja lawo pa chakudya, chifukwa pafupifupi tsiku lililonse mkazi wanga ankabwera ndi kambale kovindikira, muli kachewere wokazinga ndi anyezi, akuti amayi ati mulaweko. Anzanga amene anali pa chikamwini m'midzi ina ankadandaula kuti amawalimitsa ngati ng'ombe zapangolo. Ine anandipatsa kamunda, n'kunenanso kuti wa makina asamugwiritse khasu kwambiri, manja angaume. Ndinkadzitama kukhonde kuti ine ndinasankha bwino, ndipo ndinkaganiza kuti n'chifukwa cha khalidwe langa.

Chimodzi chokha chinkandidabwitsa. Apongozi aamuna anatisiya kalekale, ndipo mayiwa ankalima okha, koma kachewere wawo analibe mnzake m'mudzimo. Komabe kumsewu sankapitako. Ankagulitsira kumunda konko kwa mavenda, anthu amene amatchula mtengo akutafuna nzimbe, osakuyang'ana n'komwe. Ine, mwini pakamwa, sindikanatha kukhala chete.

"Auzeni amayi azibwera ku Linthipe," ndinamuuza mkazi wanga tsiku lina. "Mavendawa akuwadyera masuku pamutu. Malo alipo, tsidya la khonde langa pomwepo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akusankha pakati pa kuseka ndi kundiponyera chipande.

"Ndiwauza," anatero.

Chaka chachitatu cha ukwati wathu, kachewere anabereka modabwitsa. Monga mwa kalendala yanga, ndinachiponyanso chithunzi chija, anthu n'kusekanso ngati n'chatsopano. Sabata yomweyo ndinapita ku Dedza boma kukagula ulusi ndi mabatani. Pobwerera madzulo ndinapeza matumba anayi a kachewere ali pabwalo pa apongozi, omanga bwinobwino, ngati anapita kwina n'kubwerako. Kambale sikanabwere tsiku limenelo. Mkazi wanga ankandiyankha ndi mphuno. Ndinaganiza kuti ndi za amayi okhaokha, zosandikhudza.

Patapita masiku awiri, kukhonde kunafika malume a mkazi wanga, amenenso ndi ankhoswe athu. Ndi munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, wa mtundu uja woti ngakhale pamaliro anthu amakonda kukhala naye pafupi. Anabwera ndi thalauza lothetheka kumbuyo komanso thumba lina limene analitsamiritsa kukhoma. Anakhala pabenchi, tinacheza za mvula, za fetereza, za mwendo wawo. Anadikira mpaka nditadula ulusi womaliza. Kenako anapisa m'thumba muja n'kutulutsa chitsulo chophwatalala, chadzimbiri, chokhala ndi waya m'mbali.

"Akamwini, ichi mukuchidziwa?"

"Ndi chitseko cha khola lathu la nkhuku, amalume. Ndimatsegula ndine m'mawa uliwonse."

"Chisanakhale chitseko chinali chiyani?"

Ndinachitenga n'kuchitembenuza. Pakati pake panali chizungulire cha thako, ndipo pakati pa chizungulirecho pankaonekabe zipsera za mwala. Dzimbiri lija ndinalizindikira ngati nkhope ya mbale wanga. 

Amalume anafotokoza mosathamanga. Mayi wa m'chithunzi changa anali alongo awo, apongozi anga. Ndowa anaikhomeradi okha, zimenezo panalibe wokana. Amayi a pamsika atawakhazika pansi, anavomera, napepesa, n'kubweretsa nkhuku. Nkhukuyo anaiphika n'kuidyera limodzi, ndowa n'kuiphwanya onse akuona. Ndipo amayi amenewo ali ndi lamulo lawo: nkhani imene mwaidyera nkhuku saibwerezanso. Woibwereza, nkhuku yotsatira ndi yake.

"Ndiye pamsika inatha," anatero amalume. "Kumudzi inatha. Kumphakati kwawo ku tchalitchi inatha. M'foni mwanu mokha ndi mmene imaphuka chaka ndi chaka ngati bowa."

"Nanga bwanji sanandiuze? Zaka zitatu ndikudya kachewere wawo."

"Akuuzeni bwanji? Apongozi salankhula ndi mkamwini. Komanso akanaitchula, akanakhala kuti aibwereza okha. Mwana wawo, mkazi wanuyo, anamuletsa kukuuzani." Anaseka pang'ono. "Mmene mudabwera kudzafunsira, tonse tidakudziwani. Telala wa pakamwa ndani sakumudziwa? Ena adati timubweze ameneyu. Alongo anga adati ayi, nkhani ija idatha, tikamukana chifukwa cha iyo ndiye kuti taiyambitsanso ndife."

Kenako anandiuza za matumba anayi aja. Apongozi anatopa ndi mavenda, n'kuganiza kuti zaka zisanu ndi chimodzi zakwana kuti anthu aiwale. Anasankha tsiku limene ine kunalibe, kuti tisavutike n'kuthawana pamsika, n'kubwera kudzayala. Sanathe ngakhale ola. Panaima minibasi, mnyamata wina wa pawindo anayang'ana foni yake, n'kuyang'ana iwo, n'kuyang'ananso foni. Anafuula kuti si awa a ng'ombe ndi mbuzi aja. Minibasi yonse inasuzumira, ena n'kutulutsa mafoni awo. Apongozi anamanganso matumba n'kuitana wa ngolo.

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Koma manyazi akandigwira ine, amasanduka makani. Ndinamva pakamwa panga pakutulutsa funso langa lakale lija.

"Koma amalume, kodi ndinanama?"

"Simunaname. Ifenso sitinati mwanama."

"Ndiye mlandu suola. Akuluakulu adatero."

"Suola wosaweruza. Woweruza kale mukaufukula, fungolo ndi lanu."

Sindinagonje. Ndinawauza kuti chithunzi chimenecho chinathandiza anthu ambiri, kuti lero pamsika pano palibe ndowa yokhomera chifukwa cha icho. Ndinawauza kuti dziko lino tili ndi ufulu wolankhula, ndipo mawu amenewo ndinawatchula mokweza kuti wa golosale amve. Amalume ankangogwedeza mutu ngati akuvomereza ulaliki.

"Lankhulani, akamwini. Ndani wakugwirani pakamwa? Za ndowa lembani tsiku lililonse, zijambuleni mpaka foni itenthe. Ndowa ilibe mwana, ilibe tchalitchi. Koma m'chithunzi chanucho muli alongo anga." Anaimirira n'kubwezera chitseko m'thumba. "Sakupempha kuti muwayamikire. Akungofuna kuti galimoto ikaima, munthu aziona kachewere, osati iwo. Kachewere sadikira, mukudziwa. Akakhala m'matumba masabata awiri ayamba kumera."

Ndinati ndiganizira. Iwo anati chitseko akukachibwezera kukhola, kuopa kuti nkhuku zingagone pabwalo.

Ndinaganizira masiku anayi, ndipo ndinkaganizira mokomera ine mwini. Mfundo yanga inali iyi: ndikachotsa ichi, mawa kubwera mkulu woyang'anira msika amene ndinamulemba za chimbudzi chija, nayenso kudzati muchotse, zinatha. Mkuja kubwera wa nyama yogona. Mapeto ake tsamba langa lidzatsala ndi zithunzi za maluwa. Mfundo imeneyi mpaka lero sindinaitaye, ndipo za chimbudzi zija zikadalipo, chifukwa chimbudzicho chikadali chodzadza. Chimene sindinkafuna kuona n'chakuti mkulu uja anali asanakonze kanthu, pamene apongozi anga anakonza kalekale. Komanso, ndivomere, chithunzicho ndinkachikonda. Pa zonse zimene ndinalembapo, ndi chokhacho chimene chinandidziwitsa mpaka ku Joni.

M'mawa uliwonse popita kukatsegula khola, ndinkadutsa matumba anayi aja. Chitseko ndinkachigwira ndi zala ziwiri.

Tsiku lachisanu m'mawa, ndikumanga thumba la ulusi panjinga, mkazi wanga anatuluka m'nyumba atanyamula pilo wathu. Ndinkayesa akukamuyanika.

"Bambo, nsalu ya pilo uyu munagula kuti?"

Ndinamuyang'ana pilo uja. Wabuluu.

"Zotsalira chabe," ndinatero.

"Zotsalira za ndani? Munandiuza kuti diresi la kwaya lifuna mamita anayi. Ndinabweretsa anayi. Linadya atatu. Tsiku loyamba kulowa m'nyumba muno, ndinapeza mita yanga ikundidikira pabedi." Anamukweza pilo uja m'mwamba ndi manja awiri, ndendende mmene bambo wa jekete lachikopa anakwezera ndowa. "Bwerekeni foni, ndikujambuleni naye. Ndilembe kuti telala wa ku Linthipe, kunja mamita anayi, m'kati atatu."

"Zimenezo matelala onse amachita."

"Ndowanso onse ankakhomera. Kodi ndanama?"

Ndinafuna kukwiya, koma pokwiyira panalibe. Ndinafuna kuseka, koma nkhope yake sinali yoseka. Ndinakwera njinga. Njira yonse ndinkawerenga mumtima makatani, mapilo ndi nsalu zapatebulo za m'nyumba mwathu, ndipo ndinapeza kuti theka la Linthipe likanatha kubwera kudzazindikira katundu wake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nditafika kukhonde, ndisanavundukule makina, ndinatulutsa foni. Kufufuta kwake kunali kophweka mochititsa manyazi. Chala chimodzi, foni n'kundifunsa ngati ndatsimikiza, chala chachiwiri, basi. Ndinafufuta cha chaka chimenecho, cha chaka chatha, mpaka choyambirira chija ndi ndemanga zake zonse. Ndinapuma mpweya wa munthu wolungama, n'kuyamba kukonza mumtima mmene ndikawauzire amalume.

Kenako ndinati ndifufuze pang'ono, kungotsimikiza. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti madzi akatayika saoleka. Chithunzi chija chinali paliponse. Masamba ena anachitenga kalekale n'kuchiyesa chawo. Ena analemba kuti zinachitikira boma lina. Wina anachigwiritsa ntchito ponyoza timu ya mpira, wina ponyoza amuna ovala masuti obwereka. Mawu anga aja a ng'ombe ndi mbuzi anali atasanduka mwambi wa aliyense, ndipo paliponse pamene anali, pambali pake panaima apongozi anga, dzanja pakamwa.

Makina sanalire tsiku limenelo. Ndinakhala ndikulembera eni masamba mmodzimmodzi, mwaulemu umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ena anachotsa. Ambiri sanayankhe. Mmodzi anayankha msanga, ndipo yankho lake ndimalikumbukira liwu ndi liwu: "Kodi ndi bodza, achimwene? Tili ndi ufulu wolankhula." Ndinamva ngati wandiluma galu wanga yemwe. Telala aliyense amadziwa kuti ulusi ukausoka polakwika umatha kuusomola, koma mabowo a singano amatsala pansalu.

Loweruka m'mawa ndinagula nkhuku n'kukatenga amalume. Tinafika kumpanda wa udzu uja. Apongozi anali m'kati, ndinkamva akusankha mbewu ya kachewere, wabwino akugwera m'dengu, woola akuponyedwa kumbali. Ndinanjuta panja, nkhuku kukhwapa, maso pansi. Amalume anaima pakhomo la mpanda, pakati pathu, kuti azinyamula mawu. Tinatalikirana mapazi asanu okha ndipo tinkamvana bwinobwino, koma mwambo ndi mwambo.

"Auzeni amayi kuti ndabwera kudzapepesa," ndinatero. "Nkhani yodyera nkhuku ndinaibwereza, kosawerengeka."

"Akuti abwera kudzapepesa," anatero amalume.

"Afunseni ngati achichotsa," anatero mawu a m'kati.

"Akuti mwachichotsa?"

Apa ndikanatha kunena kuti inde n'kuthera pomwepo. Ndinalakalaka kutero. Koma munthu amene wakhala zaka akufunsa anzake kuti kodi ndanama, sangayambe kunama atanjuta ndi nkhuku kukhwapa.

"Auzeni kuti changa ndachotsa. Koma chinafalikira kwa anthu ena ambiri. Ena achotsa, ena akana. Chonse sichingathe."

Amalume sanabwereze mawu amenewo. M'kati muja kachewere anasiya kugwera m'dengu. Chete ameneyo anandilemera, ndipo monga mwa chizolowezi ndinathamangira kumudzaza ndi pakamwa. Ndinati ndili ndi nzeru ina. Ndiwajambule chithunzi chatsopano, atanyamula ndowa yabwino, ndilembe kuti mayi uja anasintha, kachewere wake ndi wa nambala wani, anthu azibwera kudzagula. Ndinati chimenecho chiyenda kuposa choyamba.

"Auzeni asandijambule," anatero apongozi. "Ndatopa nako kudziwika."

Kenako ndinamva akudzuka. Mapazi aja ndimawadziwa anatulukira pakhomo la mpanda, amalume n'kupatuka. Anadzaima patsogolo panga penipeni. Ndinaweramitsa mutu kwambiri mpaka nkhuku inadandaula.

"Akamwini."

Kanali koyamba kundiitana okha, popanda wonyamula mawu.

"Dzutsani mutu. Nkhope imeneyi aiona a ku Lilongwe. Aiona a ku Joni. Aiona a m'minibasi. Amene simunaione ndinu nokha, mwini kujambula. Ioneni."

Ndinadzutsa mutu. Anali mayi wochepa thupi, imvi zikusuzumira kunsi kwa mpango, kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Maso ake anali a mkazi wanga enieni. Sanali okwiya, ndipo chikhala anakwiya zikanandipepukira. Ankangondiyang'ana, kudikira kuti ndimalize kuona. Chithunzi chija ndinachiyang'ana kambirimbiri, ndinachikuza ndi zala kuti ndione bwino thako la ndowa, koma munthuyu ndinali ndisanamuonepo. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ulendo uno sanasanduke makani.

Anatambasula manja n'kulandira nkhuku ija. Anaiyeza kulemera, naipapasa pachidali.

"Yowonda," anatero. "Koma tidya."

Tinadyadi masana omwewo, ine ndi amalume pansi pa mtengo wa pichesi, iwo ndi mwana wawo kukhitchini. Mwambo unabwerera m'malo mwake. Mpaka lero tikakumana panjira ndimapatukira m'munda, kungoti tsopano ndimadziwa amene ndikumupatukira.

Mwina mukufunsa kuti nanga nkhani yodyera nkhuku ndikuibwerezeranji pano. Ndinapempha, kudzera kwa mkazi wanga. Yankho linabwera ndi kambale kovindikira: alembe za iwo eni ndi pakamwa pawo, dzina langa asatchule, chithunzi asaike, ndipo nkhuku ina abweretse, yonenepa ulendo uno. Zonsezo ndachita.

Matumba anayi aja, awiri anamera ndipo tinawasandutsa mbewu. Awiri enawo apongozi anabwera nawo ku Linthipe Lolemba lotsatira, n'kuyala pamalo pawo pakale, tsidya la msewu. Ine ndinatembenuza makina kuti ayang'ane kukhoma, mwa ulemu. Wa golosale anati zikomo, tsopano mwina zovala za anthu zizitha pa nthawi yake.

Akugulitsabe mpaka pano. Masiku ambiri palibe amawazindikira. Nthawi zina wina amawayang'anitsitsa n'kunong'oneza mnzake, iwo amangopitiriza kusanja kachewere. Koma pali chimodzi chimene amachita, chimene palibe mayi wina pamzere wonsewo amachita. Galimoto ikaima, wogula asanatsegule n'komwe pakamwa, iwo amatenga ndowa yopanda kanthu, n'kuitembenuza, n'kugogoda thako lake katatu ndi chala kuti aone kuti ndi lathyathyathya. Palibe amawafunsa. Ine sindiona, poti ndafulatira, koma ndimamva, ngakhale makina akulira.